Inu a zisudzo, musalavulire mbale yomwe tidadyera limodzi

Abale anzanga a pamsika, nkhani yomwe ndikufuna kukuuzani leroyi yakhala ikundidya mumtima kwa miyezi ingapo tsopano. Ndayesa kuimeza koma ikukana kutsika. Ndiye ndati bola ndiitulutse pano kuti nanunso muweruze ngati wolakwa ndine kapena mkulu uja.

Ine ndimagulitsa maloko, mahinjesi, misomali ndi tina totero kuno ku Area 2, chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. Amene mumadutsa pamenepa pochokera kudepoti mwina mudandigulapo kanthu, kapena tidakanganapo pa nkhani ya chenji.

Tsiku lina Loweruka, cha m'ma 11 koloko dzuwa likuswa mtengo, padafika bambo wina wa imvi zake atavala shati yoyera yopisira bwinobwino. Nkhope yake sindidaizindikire. Adanyamula loko mmodzi, kumutembenuza uku ndi uku, kenako n'kufunsa kuti, "Ameneyu mukuchita bwanji, achimwene?"

Abale, thupi langa lonse lidachita tsembwe. Mawu amenewo ndidakula nawo. Adali mawu a munthu yemwe ankatiseketsa m'sewero lina la pa wailesi zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe kanema wa dziko lino kudalibe, poti TVM idadzayamba mu 1999. Dzina lake sinditchula, la m'sewerolo sinditchulanso, ndipo si mmodzi mwa anthu omwe ndiwatchule m'nkhani ino. Sindidabwere kudzaipitsa munthu.

Chimwemwe chitandipitirira ndidakuwa dzina lake la m'sewero lija, mpaka anzanga a mabenchi oyandikana nawo adatembenuka. Mayi wina wogulitsa nthochi adayamba kuseka asadamve n'komwe chilichonse. Ine ndidagwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Akuluakulu, ndinu ndithu? Tanenani pang'ono mawu aja munkakonda kunena aja!"

Mkulu uja adachotsa dzanja lake, n'kubweza loko pabenchi pang'onopang'ono.

"Achimwene," adatero, "ine dzina langa si limenelo. Zimene zija zidali zopusa, ndipo ndimachita nazo manyazi. Tinkangobwebweta kuti tipeze ya sopo. Anthu amene ankaseka zimene zija adali osowa chochita."

Atatero adatembenuka n'kulowera cha kumzikiti. Loko sadagule. Mayi wa nthochi uja adasiya kuseka, ndipo ine ndidangoti kakasi, manja ali m'malere ngati mwana wolandidwa chitumbuwa.

Mwina wina anena kuti nanga pamenepa pali nkhani? Kasitomala kuthawa si zachilendo. Zoona, koma imvani chomwe ndinkafuna kumuuza mkuluyo akadandipatsa mphindi ziwiri zokha.

Bambo anga adali telala wa pakhonde pa sitolo ina ya amwenye kuno ku Area 2. Zaka zonse zomwe ndidawadziwa ankapalasa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, pambali pawo pali kawailesi ka Nzeru komanga ndi mphira. Adali munthu wosakonda zoseka. Koma ikakwana nthawi ya sewero lija ankasiya chilichonse, ngakhale nsima, ndipo mwana woti asokose pa nthawi imeneyo ankadziwa yekha chomuchitikira. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti afikeko tsiku la sewero.

Mu 1996 bambo adadwala kwambiri mpaka tidawagoneka ku chipatala cha Bottom, chomwe lero tikuti Bwaila. Adali atasiya kudya, kulankhulanso kudali kovuta. Tsiku la sewero ndidapita nako kawailesi kaja n'kukaika pafupi ndi khutu lawo. Mkulu yemwe uja atayamba zake, ndidaona mapewa a bambo akugwedezeka. Ndidaganiza kuti akutsokomola, koma ayi, ankaseka. Adaseka mpaka misozi, odwala a mabedi oyandikana nawonso n'kuyamba kuseka. Patangotha masiku anayi tidanyamula maliro kupita kumudzi.

Kumeneko kudali kuseka komaliza kwa bambo anga, ndipo amene adandipatsa mphatso imeneyo ndi mkulu uja. Ndakhala zaka pafupifupi 30 ndikufuna kumuthokoza. Tsiku lomwe Mulungu adamubweretsa pabenchi panga, iye adandiuza kuti bambo anga adali munthu wosowa chochita.

Usiku umenewo nsima sidalowe. Ndidawafotokozera mayi a kunyumba nkhani yonse, ndikuyembekeza kuti andithandiza kumunyoza mkuluyo. Iwo adangomvetsera, kenako n'kundifunsa kuti, "Nanga inu abambo, munthu akakuitanani kuti Mazira mumatani?"

Apa ndiye adandigwira pakhosi. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndili mnyamata ndinkagulitsa mazira owiritsa mudepoti. Ndinkathamangira basi iliyonse, thireyi pamutu, kamchere ndi tsabola m'thumba, ndikukuwa kuti "Mazira! Mazira!" mpaka mawu kusasa. Makondakitala ankandikankha, ena ankadya osalipira basi n'kunyamuka. Sidali ntchito yomwe ndimaikumbuka ndi chimwemwe. Lero ndili ndi benchi langa, ndaphunzitsa ana, kutchalitchi ndimakhala nawo m'komiti. Koma mpaka pano akangotulukira munthu wakale, amakuwa ali patali kuti, "Mazira, ulipo?" Ndipo amachita izi pamaso pa apongozi kapena pa makasitomala olemekezeka. Kunena zoona, mtima umandiwawa. Tsiku lina ndidamuyankha moipa mkulu wina yemwe kale adali dalaivala wa basi, chonsecho iyeyo ndi amene ankandigula mazira asanu nthawi imodzi n'kundisiyira chenji.

Ndiye nditaganiza mofatsa ndidaona kuti mkulu wa sewero uja ndi ine tikudwala nthenda imodzi. Dzina lomwe udadyera limamatira ngati nkhupakupa, ndipo anthu safuna kudziwa kuti udakula.

Taonani kuno kwathu. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi a gulu la Kwathu ndi anthu angati ankawaitana maina awo enieni? Dziko lonse linkati Izeki ndi Jakobo. A Nyanga m'zaka zawo zomaliza adali m'busa, koma atamwalira mu 2016 uthenga womwe udayenda m'maminibasi ndi m'misika udali woti Izeki watisiya. A Mabedi atatsatira mu 2021 anthu adati Jakobo wamutsatira mnzake. Maina a m'sewero adawaperekeza mpaka kumanda.

Nanga a Michael Usi? Munthu adaphunzira mpaka kutchedwa dokotala, adagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ADRA, adakhala nduna mu 2020, ndipo mu June 2024, a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, adalumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, udindo womwe adaugwira mpaka boma litasintha mu 2025. Koma ife pamsika pano tinkati chiyani galimoto zawo zikamadutsa? Tinkati Manganya akudutsa, ngati kuti tikuonera Tikuferanji. Owakonda ankatchula dzinalo mwachikondi, odana nawo ankalitchula pofuna kunena kuti munthu wa nthabwala sangayendetse dziko. Dzina limodzi lomwelo, kwina uchi kwina mpeni. Chimodzimodzinso a Bon Kalindo. Adakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa ku Mulanje kuyambira 2014 mpaka 2019, pambuyo pake n'kumatsogolera zionetsero m'mizinda, koma kwa anthu adakhalabe Winiko.

Sindikunena kuti akuluakulu amenewa adadana nawo maina awowo, ayi. Ndikungoonetsa kulemera kwa katundu yemwe timawasenzetsa. Wina amausenza akumwetulira, wina umamuthyola khosi.

Kunja nakonso nkhani ndi yomweyi, ndipo kumeneko ena adachita kulankhula poyera. Amene mudaonera mafilimu a ku Nigeria m'mavidiyo sho mukumudziwa Kanayo O. Kanayo, uja ankakhala wolemera wokhwima, wopereka abale ake nsembe kuti apeze chuma, kuyambira mu filimu ya Living in Bondage ya mu 1992. Munthuyu adabwerera kusukulu ali wamkulu kale mpaka adakhala loya mu 2020, koma anthu akamuona amangoti uja wa nsembe uja. Wanenapo kangapo kuti iye si wokhwima, idali ntchito chabe. Kodi mungamudzudzule? Inu mungakonde kuti ana anu azilozedwa kusukulu kuti bambo awo amapha anthu?

Rowan Atkinson, yemwe tonse timamudziwa kuti Mr Bean, adaphunzira za magetsi mpaka ku yunivesite ya Oxford. Mu 2021 adauza atolankhani kuti kusewera Mr Bean sikumusangalatsa kwenikweni, kumamutopetsa ndi kumupanikiza maganizo chifukwa aliyense amayembekeza kuti aseke basi. Jackie Chan naye, uja tinkalipira matambala athu kuti timuonere titakhala pa mabenchi m'kachipinda kamdima, adalemba mu 2007 kuti filimu ya Rush Hour ya mu 1998 sidamukondweretse. Adati nthabwala za ku America sankazimvetsa, ndipo ndewu zake sizidali momwe iye amazifunira. Adaulula kuti yachiwiri adaipanga chifukwa ndalama zomwe adamulonjeza zidali zosakanika, ndipo yachitatu adaipanga pofuna kusangalatsa anthu omwe adakonda zoyambazo.

Ine awiriwa sindikuwaona cholakwa. Anena zakukhosi kwawo, ndipo anena za iwo eni: ndidatopa, sindidakhutire, ndidafuna ndalama. Palibe amene wanena kuti inu amene mudaseka ndinu zitsiru.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Nditakhala pansi ndidawerenga ngongole zomwe tinkaganiza kuti a zisudzo ali nazo kwa ife, ndipo zambiri ndidazifafaniza.

Alibe ngongole yoti azitiseketsa paliponse pomwe takumana nawo. Munthu wabwera kudzagula loko, mwina kunyumba kwake kwaboola akuba, mwina ali ndi matenda, ife n'kumati tachitani zija. Kodi telala ukakumana naye pamaliro umamupatsa buluku kuti akupindire? Apa ndidalakwa ndine, ndipo ndikuvomera.

Alibe ngongole yoti azinama kuti ntchito iliyonse yomwe adagwira adaikonda. Tonse tidagwirapo ntchito chifukwa cha njala. Komanso munthu amasintha. Wina adalowa chipembedzo chomwe sichigwirizana ndi nthabwala zomwe ankachita. Wina akaonera zakale amapeza kuti ankanyoza amayi, olumala kapena anthu a mtundu wina, ndipo akuchita nazo manyazi. Woteroyo akanena kuti pamene paja ndidalakwitsa, ine ndimuombera m'manja.

Alibenso ngongole yoti akhale momwemo mpaka imfa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Koma ngongole imodzi yokha ndidakana kuifafaniza, ndipo inu amalonda anzanga muimvetsa msanga kuposa ophunzira a ku City Centre. Tonse timadziwa lamulo losalembedwa la pamsika: katundu ukagulitsa, ndalama n'kudya, sumutsatira kasitomala kukamuuza kuti ndiwe chitsiru pogula chimenechi. Ukhoza kusiya kugulitsa katunduyo. Ukhoza kunena kuti masiku ano ndili ndi wabwino kuposa uja. Koma mayi akabwera n'kukuuza kuti poto uja mudandigulitsa ndaphikira ana anga zaka khumi, iwe suyankha kuti poto ameneyo adali chiphwafu ndipo ogula adali osaona. Umati zikomo mayi, ngakhale mumtima ukudziwa kuti potoyo sudamukonde. Chifukwa chiyani? Chifukwa potoyo salinso wako. Adalowa m'nyumba ya eni, adaphika phala la odwala, adaphika nsima ya pa chinkhoswe. Ukamunyoza ukunyoza zonsezo.

Sewero nalonso n'chimodzimodzi. Likangotuluka pa wailesi kapena pa siteji lapita, lakalowa m'nyumba za anthu. Wosewerayo amakumbuka kutentha kwa mu situdiyo, malipiro ochepa ndi mkangano womwe adali nawo ndi wolemba. Ife timakumbuka yemwe tidakhala naye pamkeka tsiku limenelo. Zokumbukira zake ndi zake, anene momwe angafunire. Koma zathuzi asazipondeponde, poti sakudziwa kuti muli ndani m'menemo.

Ku England kudali katswiri wina wa zisudzo dzina lake Alec Guinness, yemwe adalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ya The Bridge on the River Kwai ya mu 1957. Mu 1977 adasewera ngati nkhalamba yanzeru mu filimu ya Star Wars, ndipo poti adapangana kuti azilandira gawo la phindu lake, filimuyo idamulemeretsa zedi. Koma iye ankaiona ngati yachibwana, ndipo zinkamunyansa kuti dziko laiwala ntchito zake zonse n'kumangomudziwa ndi imeneyo. Iye mwini adalemba m'buku lake kuti tsiku lina ku San Francisco kamnyamata kena kadamuuza monyadira kuti kaonera filimuyo koposa ka 100. Iye adakapempha kuti kalonjeze kuti sikadzaoneranso. Kamwanako kadalira pomwepo. Mwina mkuluyo ankafuna kukathandiza kuti kaone zinthu zina, koma taganizani: ndalama za makolo a ana ngati ameneyo n'zomwe ankadya, ndipo mwanayo adabwera ndi mtima wake wonse m'manja. Nditamva nkhani imeneyi ndidadziona ndekha nditaima pabenchi paja, manja ali m'malere.

Kuno ku Lilongwe, kwa eni gule, timadziwa kuti za kudambwe sazinenera pabwalo. Amene akudziwa kutentha ndi kulemera kwa zovala ndi eni ake, ndipo amakadandaulirana okhaokha komweko. Pabwalo pali ana ndi amayi omwe aimba ndi kuomba m'manja tsiku lonse. Suwatembenukira n'kuwauza kuti mwataya nthawi yanu.

Wina wa ku America, Leonard Nimoy, adatchuka ndi dzina la Spock m'sewero la pa kanema la Star Trek. Mu 1975 adalemba buku lomwe mutu wake unkanena kuti iye si Spock. Omukonda adakhumudwa poganiza kuti akuwakana, ngakhale m'katimo sadanyoze sewerolo. Patatha zaka 20, mu 1995, adalembanso lina lomwe mutu wake unkavomera kuti iye ndi Spock. Zidamutengera zaka zonsezo kuti apeze mtendere ndi dzina lomwe lidamudyetsa. Ndiye mwina nayenso mkulu wanga uja akadali pa ulendo, sadafike.

Ndisamalize ndisadatembenuzire chala kwa ife tomwe. Ngati a zisudzo ena akuipidwa ndi ntchito zawo zakale, mbali ina tidawaipitsa mtima ndife. Ndi angati mwa ife adagulitsapo kapena kugula matepi ndi madisiki okopera a Izeki ndi Jakobo, eni ake osaonapo ngakhale tambala? Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, koma ife tinkabisa katundu pansi pa benchi tikamva kuti akubwera. Ndi angati tinkadumpha mpanda kapena kunyengerera wa pakhomo kuti tilowe ulere m'holo? Munthu adaseketsa dziko lonse, lero akuyenda wapansi kudzanenerera mtengo wa loko, ndiye wina akumukuwira dzina la m'sewero kuti aseketsenso ulere. Mwina mkwiyo womwe adandikhuthulira ine udali wa zaka zambiri, ine ndidangopezeka pakhomo. Ifenso tili ndi ngongole: kulipira pakhomo, kugula chenicheni, ndi kumufunsa munthu dzina lomwe adamupatsa makolo ake.

Komabe ngongole yathu siifafaniza yawo. Inu a zisudzo, inu a pa wailesi ndi pa kanema, ngati mwatopa nalo dzina, tiuzeni mwaulemu kuti achimwene, zimene zija ndidasiya, dzina langa ndine wakutiwakuti. Tidzamva. Ngati simudaikonde ntchitoyo, nenani kuti ine sindidaikonde. Koma musanene kuti oseka adali osowa chochita. Mbale imeneyo tidadyera limodzi, inu mbali yanu ife mbali yathu. Ngati mwakhuta, sambani m'manja mwakachetechete. Paja akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Sabata yatha dalaivala wakale uja adadutsanso pabenchi panga, tsopano akuyenda ndi ndodo. Adaima patali, akuoneka kuti akuopa kundiitana. Ndidamuyambirira ndine. Ndidati, "Madala, mwaiwala Mazira wanu?" Adaseka mpaka kutsamira benchi, ndipo tidacheza mpaka ndidaphonya makasitomala awiri.

Loko uja ndidamuchotsa pa malonda, ali m'kabokosi pansi pa benchi. Akuluakulu, ngati nyuzi ino ingakupezeni, kapena wina akuwerengereni, bwerani mudzatenge, simulipira. Sindidzakuwanso dzina lija, ndipo sindidzakupemphani kuti muchite chilichonse. Ndidzakufunsani dzina lanu lenileni, ndikupatseni mpando, kenako mundipatse mphindi ziwiri ndikuuzeni za telala wina wa pakhonde.